Chingwe Chochokera ku Joni

Randburg, Joni
14 Juni 2003

Okondedwa amake Mwayi,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji ku Limbuliko pamodzi ndi mwana wathu Mwayi? Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu chafika, m'mawa kapinga wa abwana amayera ngati wawazidwa ufa.

Nkhani ndi iyi. Galimoto ija ndinkakuuzani ndagula. Abwana anandigulitsa pa 31 Meyi pa mtengo wachifundo chifukwa akuba anaikumba m'kati monse. Mipando, zotchinga za m'zitseko, kapeti, wailesi, zonse anazula. Koma injini ndi yamoyo, ndaiyendetsa ndekha. A Thomson, aja amanyamula katundu wa anthu kuchokera kuno, anyamuka nayo pa 21 Juni. Mpando umene akhalire poyendetsa ndi wobwereka, adzabwerera nawo, musakangane nawo.

Kuno okonza mipando ndi odula kwambiri, ndiye ndati ntchito ya m'katiyo ikagwiridwe komweko. Mufunefune mmisiri wodziwa, wachikulire ndithu, osati anyamata a pamsika. Ndapatsira a Thomson ma Randi 900 a matabwa, siponji ndi nsalu.

Pa Khirisimasi ndikubwereratu. Zaka zisanu ndi chimodzi zothirira maluwa a eni zakwana. Ndizidzanyamula anthu pakati pa Muloza ndi ku Boma, madzulo n'kumagona m'nyumba mwanga. Muiimike pansi pa mpeyala, ana asamaseweremo.

Ine mwamuna wanu,
Nasoni


Limbuli
6 Julayi 2003

Bambo a Mwayi,

Moni wanu tamulandira, ifenso tili bwino. Mwayi akuti musaiwale nsapato za sukulu, phazi lakula.

Galimoto inafika pa 27 Juni. Mudzi wonse unabwera kudzasuzumira, ndipo atawona m'katimo anthu anagwa nazo kuseka. Akuti Nasoni watumiza khola la nkhuku la matayala. Sananame kwenikweni, m'mawa mwake tinapezamo dzira.

Mmisiri ndamupeza. Ndi a Arsenio, mukuwadziwa, aja tinathawa nawo nkhondo kuchokera ku Milanje tili ana, amene amakhoma mabokosi a maliro kuseri kwa msika. Si achikulire monga munanenera, koma bambo awo a Arsenio ankakonza mipando ya magalimoto a Apwitikizi, ndipo ntchitoyi anaiphunzira m'manja mwa bambo awowo. Kushedi kwawo kwadzaza mabokosi, ndiye a Arsenio akugwirira ntchito pakhomo pano. Iwo akukhoma mafelemu a mbawa ndi kudula siponji, ine ndikusoka zovindikira pa makina anga. Nsalu tagula yolimba yonga chikopa ija, kwathu timati napa, yofiirira. A Arsenio akuti mpando wabwino umadziwika pa msoko, ndiye akundiphwasulitsa ndikakhotetsa. Dzulo ndaphwasula kawiri!

Tsopano mvetsani. Njanji zosunthira mpando wa dalaivala akuba anapita nazo, ndipo a Arsenio azifuna mpaka ku Limbe osazipeza. Ndiye mpando wanu udzamangidwa ndi mabawuti pamalo amodzi, sudzasunthanso. Pa chifukwa chimenechi ufunika upangidwe pa thupi lanu. Mupeze chingwe chosatamuka, mukhale pampando, mnzanu akuyezeni n'kumanga mfundo zitatu pachingwepo. Mfundo yoyamba kuchokera kumsana kufika pabondo, yachiwiri pabondo kufika pachidendene, yachitatu paphewa kufika pachikhatho. Mupatsire a Thomson. A Arsenio ayamba ndi mpando wakumbuyo podikira chingwecho.

Ine mkazi wanu,
Esmeralda


Chinakanaka
20 Julayi 2003

Achimwene,

Moni wa kuno kwanu, ngati mukukukumbukirabe. Amayi miyendo ija ikuwavutabe. Shuga munatumiza uja anathera ku Limbuli, ife tinangomva mbiri.

Lachinayi ndinapita kukaona galimoto ya mchimwene wanga, ndinadziitana ndekha poti palibe anandiitana. Ndinafika chiperoni chikuwaza. Pakhonde panalibe munthu. Ndinawapeza m'galimoto, achimwene, awiriwiri, alamu ndi kalipentala wawoyo, magalasi otseka mpaka achita nthunzi. Akhala pa mpando wakumbuyo, akuti akuyesa ngati siponji ikubwerera. Akuyankhula Chipwitikizi chawo chija n'kumaseka, ine nditaima panja ngati chitsa. Masana alamu anapha nkhuku. Nkhuku, Lachinayi, popanda mlendo! Ine ndikapita amandiphikira nyemba za kalongonda.

Kumbukirani kuti inu kumeneko ndinu mkamwini. Nyumba ili pa dothi la akazi anu, galimotonso mwaiimika pa dothi lomwelo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, achimwene, wa pachala ndi wa mphepo.

Koma chandilembetsa kalatayi ndi chingwe. Ndamva kuti akufuna chingwe cha thupi lanu. Ndikufunseni, munthu wokhoma mabokosi amapititsiridwa chingwe cha ndani? Tsiku limene bambo anatisiya, si ine ndinawayeza ndi chingwe n'kuthamanga nacho kwa kalipentala? Munthu wamoyo sayezedwa ndi chingwe. Amayi atamva anakana kudya. Akuti ameneyo akufuna msinkhu wanu ukhale m'shedi mwake pakati pa mabokosi, inu musanafike. Mukatumiza, musadzati mlongo wanga sananene.

Ine mlongo wanu,
Rosemary


Randburg, Joni
9 Ogasiti 2003

Amake Mwayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Nsapato za Mwayi ndagula, nambala 3.

Kalata yanu ya pa 6 Julayi inandipeza pa 19 Julayi. Ndaiwerenga kangapo. Sindikudandaula, ndikungonena zimene ndaona. Dzina la a Arsenio lilimo kasanu ndi kamodzi. Langa lilimo kamodzi, pa nkhani ya khola la nkhuku.

Ine ndinapempha mmisiri wachikulire. Mwina ku Limbuli achikulire anatha, sindikudziwa. Ndamvanso kuti kumeneko chiperoni chavuta chaka chino moti anthu akubisala m'galimoto. Khonde lathu lija ndinafolera malata asanu mu 1999, kodi layamba kudontha? Ngati likudontha mundiuze nditumize ena. Ndamvanso za nkhuku. Ndi nkhuku zanu, simufunika kundipempha. Kungoti ine kuno Lachinayi ndimadya buledi ndi tiyi.

Mukamayankhulana pa ntchitoyo, bwanji muziyankhula Chichewa kuti odutsa azimva kuti mukukamba za mipando?

Za chingwe ndaziona. Kodi sindingangodziyeza ndi tepi ya abwana n'kulemba manambala? Ine manambala sindilakwitsa, mukudziwa. Mundiyankhe.

Mwamuna wanu,
Nasoni


Limbuli
30 Ogasiti 2003

Bambo a Mwayi,

Tili bwino. Ndaona kuti alamu anga a ku Chinakanaka anakulemberani, chifukwa nkhuku ya ku Limbuli singamveke yokha ku Joni. Nkhukuyo ndi yomwe ija inkaikira m'galimoto mwanu. Inaipitsa napa watsopano, ndiye ndinaiweruza. Alamu anadya ntchafu zonse ziwiri, chimenecho anakuuzani? Khonde silikudontha. Mpando sungauyese uli pakhonde pamene wamangidwa m'galimoto.

Mukanaona m'mene m'galimotomo mwakhalira, simukanawerenga maina. Zitseko zonse zinayi tazitchinga ndi pulayiwudi wokutidwa napa, chilichonse ndi thumba lake. Kudenga tamata nsalu yotuwa, guluu anatipweteka mutu masiku awiri. Pansi tayala mphira wodula ku lamba wakale wa ku fakitale ya tiyi. Pakati pa mipando yakutsogolo pali kabokosi ka mkungudza kokhala ndi chivindikiro, koti muziponyamo ndalama za okwera. Mukatsegula chitseko fungo lake ngati mwalowa m'tchalitchi chatsopano. Aja ankati khola aja tsopano akupempha kuti angokhalamo pang'ono.

Za manambala, mmisiri wakana. Ndati mmisiri kuti musavutike kuwerenga. Akuti tepi yanu ndi ya masentimita, yake ndi ya mainchesi ndipo kumayambiriro inafufutika. Akuti nambala ikhoza kupotoka polemba kapena powerenga, koma chingwe sichinama. Bambo ake ankayeza Apwitikizi ndi chingwe ndipo palibe anafa nacho, ngati ndi zimene mukuopa.

Chonde tumizani. Pamalo pa dalaivala pokha ndi pamene pali pululu, ndipo mvula ikayamba siponji ndi matabwa zidzatinyowera.

Esmeralda


Randburg, Joni
14 Sepitembala 2003

Achemwali,

Moni kwa inu ndi amayi. Mankhwala opaka miyendo ndapatsira a Thomson, pamodzi ndi shuga wanuwanu, ndalembapo dzina.

Mawu anu aja sanandichoke. Muwauze amayi adye, chingwe changa sichipita m'shedi ya munthu. Koma kukana kutumiza kukanaoneka ngati ndikuopa, ndiye ndachita motere. Pageti pathu pano pali mlonda, dzina lake Trust, wa ku Zimbabwe. Pa 11 Sepitembala ndinamukhazika pa ndowa n'kumuyeza, mfundo zitatu monga ananenera. Ndinamuuza kuti ndikufuna kumusokera ovolosi kumudzi. Chingwe chimenecho ndi chomwe chapita ku Limbuli. Ngati pali kanthu kamene akufuna kuchita nacho, kadzasochera. Trust ndi munthu wabwino, Mulungu amusunge, ndamugulira buledi ndi soseji ndipo ndikumuyang'anira m'mawa uliwonse. Mpaka lero ali bwinobwino.

Ndikuuzeni chinanso, poti ndinu mlongo wanga. Trust ndi wamtali. Ndinasankha dala. Kalipentala uja ndimamukumbuka, polowa m'tchalitchi amawerama. Sindinafune kuti kachingwe kanga kakatambasulidwe m'manja mwake akazi anga akuona, kenako aseke m'Chipwitikizi. Mpando ukadzatalikira pang'ono si mlandu, munthu umadzikoka.

Zimenezi zikhale za ife awiri.

Mchimwene wanu,
Nasoni


Limbuli
12 Okutobala 2003

Bambo a Mwayi,

Chingwe chafika, nsapato zafikanso ndipo zamukwana.

Felemu la mpando wanu lakhomedwa, siponji yadulidwa, chovindikira ndasoka. Chatsala ndi kuboola pansi pa galimoto kuti timange mabawuti. Pakabooledwa pabooledwa. Ndawauza amisiri adikire kaye mpaka mutayankha funso limodzi ili.

Kodi chingwe chimenechi ndi chanu?

Esmeralda


Randburg, Joni
1 Novembala 2003

Amake Mwayi,

Kalata yanu ya pa 12 Okutobala ndi yaifupi kuposa makalata onse amene munandilemberapo. Mwina nthawi ikuchepa ndi ntchito.

Chingwe ndi changa. Chikanakhala cha ndani? Kapena mwaiwala msinkhu wa mwamuna wanu poyang'ana misinkhu ina? Boolani.

Ndinyamuka pa 18 Disembala, ndifika Loweruka pa 20. Ndikufuna ndidzapeze ntchito itatha ndi zida za eni zitachoka pakhomo panga.

Nasoni


Limbuli
22 Disembala 2003

Bambo a Mwayi,

Kalatayi ndapatsira wa njinga kuti akupezeni kwa alongo anu ku Chinakanaka, poti ndi kumene mwasankha kugona mutachoka ku Joni. Mwayi wafunsa ngati munabweradi kapena analota.

Ndilemba zimene zinachitika Loweruka monga ndinazionera ine, chifukwa inu munaziona ndi maso ena. Munafika anthu atadzaza pabwalo, amayi akuimba nthungululu. Munazungulira galimoto, munasisita zitseko, munatsegula kabokosi n'kununkhiza, ndipo ndinaona kuti mwakondwa ngakhale simunanene. Kenako munakhala pa mpando wanu. Mapazi analendewera. Munadzikoka kutsogolo, chala cha nsapato chinangokhudza kilachi, msana uli pamphepo. Munayesanso. Ana anayamba kuseka, akulu n'kumawatsina. A Arsenio, poona ntchito yawo ikunyozeka, anati, "Pepani bambo, tatulukani ndione chalakwika." Anakhalapo, ndipo mpando unawalandira ngati anabadwira pomwepo. Pamenepo alongo anu anaomba m'manja n'kunena mokweza kuti, "Eee, basi, aliyense waona mwini mpando!" Inu munamva. Munayang'ana pansi, munatola chikwama chanu, n'kuwatsata alongo anuwo osalowa n'komwe m'nyumba.

Dzulo kutchalitchi benchi yanga ndinakhala ndekha. Kumjigo akuti ndinapangitsa mpando pa thupi la chibwenzi ndi ndalama za mwamuna wanga. Mkazi wa a Arsenio wapita kwawo ku Muloza ndi ana. Ndamvanso kuti mwaitanitsa ankhoswe pa 28.

Bambo a Mwayi, mathalauza anu onse kuyambira chaka chimene munandikwatira ndimapinda miyendo ndine. Tsiku limene chingwe chija chinafika ndinachiyala pa thalauza lanu lakhaki limene munasiya m'sutikesi. Chinapitirira ndi chikhatho changa chonse ndi zala zina. A Arsenio nawonso anadabwa, anati, "Kodi a Nasoni akukula ku Joniko?" Ine ndinakuikirani kumbuyo, ndinati dikirani ndifunse eni ake. Ndinakufunsani. Munandiyankha zoti ndikuyang'ana misinkhu ina. Ndiye ndinati boolani, mwamuna wanga wanena. Mwina ndinalakwa, ndinali nditapsa mtima. Koma amene analowetsa mwamuna wina pakhomo pano ndinu, munachita kumuika mu envulopu.

Sindikudziwa kuti ndi chingwe cha yani, ndipo sindikufuna kupepesedwa kuchipinda. Ananditukwana pabwalo. Ngati mukufuna banja lino, mubwere Lachisanu dzuwa lili pamutu. Ndiitana onse amene analipo. Mudzakhale pa mpando wa ndalema pansi pa mpeyala, a Arsenio akuyezeni ndi chingwe chatsopano anthu akuona, tidzachiyale pambali pa chimene munatumiza, ndipo mudzanene ndi pakamwa panu kumene munachitenga. Mukapanda kubwera, ankhoswe adzandipeza nditalongedza katundu wanu, ndipo galimoto mudzaikoke ndi ng'ombe poti simungaiyendetse.

Esmeralda


Limbuli
11 Januwale 2004

Achemwali,

Moni kwa inu ndi amayi. Ndachedwa kulemba chifukwa ndimafuna mtima ukhale kaye pansi.

Lachisanu lija pa 26 ndinakuuzani kuti ndikupita ku Boma. Sindinapite ku Boma. Ndinadzuka ndikuganiza za mawu anu a pabwalo aja. Inu mumadziwa za Trust kuyambira Sepitembala, komabe munaomba m'manja. Ine ndimadziwanso, komabe ndinatola chikwama. Sindikukuimbani mlandu woposa wanga.

Ndinapeza anthu ambiri kuposa a tsiku lofika lija, ena anachita kubwera ndi mipando yawo. Ndinakhala pa ndalema. Kalipentala uja anagwada ndi chingwe chake. Achemwali, pamene chingwecho chinandikhudza kumsana thupi lonse linazizira, ndinaona bambo atagona pamphasa paja. Ndinatseka maso. Kalipentalayo anati, "Pumani bambo, amene ndimawayeza ena aja sanjenjemera chonchi." Anthu anaseka, inenso mpweya unabwerera.

Amake Mwayi anayala zingwe ziwirizo pansi. Panalibe chofotokoza. Mayi wina wogulitsa nthochi anafunsa kuti, "Nanga chachitalichi n'cha yani?" Ndinati ndi cha mlonda wa ku Joni. Anati, "Ndiye mlondayo abwere adzatenge galimoto yake!" Kunali phokoso. Ndinadikira lithe, ndipo ndinanena zonse, kuti mkazi wanga anandifunsa ndipo ndinamunamiza. Dzina lanu sindinatchule. Madzulo ake ndinapalasa njinga mpaka ku Muloza kukafotokozera mkazi wa kalipentala, ndipo anabwerera kwa mwamuna wake pa 29. Ankhoswe ndinawabweza ndi nkhuku imodzi aliyense.

Mpando kalipentala anaumasula, anadula felemu, anaboola pena. Tsopano kilachi ndikuiponda mpaka pansi. Ndinayamba kunyamula anthu pa 2 Januwale. Ndili moyo, muwauze amayi.

Koma ndisakunamizeni kuti mtima wapola wonse. Tsiku lomanga mpandolo kalipentala uja ananena kanthu m'Chipwitikizi, amake Mwayi n'kuseka mpaka kugwira chitseko. Ndafunsa kuti anati chiyani, akuti sizimasulirika. Ndiye kalipentalayo atanena kuti kwatsala kachitseko ka kabati ya kutsogolo, ija ya pamaso pa wokwera, ndipo abweranso Lolemba kudzakapanga, ndinati zikomo amisiri, mwagwira ntchito yaikulu, kameneko ndipanga ndekha.

Simunandionepo nditagwira sowo, inenso sindinadzionepo. Ndinawononga pulayiwudi woyamba ndi wachiwiri, ndinadzicheka chala, napa ndinamata mokwinyika. Amake Mwayi anakhala pakhonde n'kumasenda chinangwa, osandithandiza, osandiletsa. Kachitsekoko kalipo tsopano. Ndi kokhota, ndipo tikagunda bampu iliyonse pa msewu wa ku Muloza kamatseguka n'kugwera pa mawondo a amene wakhala kutsogolo. Okwera amadandaula. Dzulo wina anati, "Adalaivala, m'galimoto mokongola chonchi, kachitseko aka anapanga ndani?" Ndisanayankhe, amake Mwayi, amene ndinawatenga kupita nawo ku Boma, anakatseka ndi bondo n'kunena kuti, "Amuna anga. Kasiyeni."

Loweruka pa 17 ndibwera kudzatenga amayi kupita nawo kuchipatala. Akonzeke pofika 7 koloko. Inu ngati mukubwera nawo, mudzakhala kumbuyo.

Mchimwene wanu,
Nasoni